Vitz yanga ikunjenjemera ndipo makaniko akuti giyabokosi yatha: ndikonzekere ndalama zingati?

Funso: Ndine mayi wa ku Area 25 ku Lilongwe. Ndagula Toyota Vitz ya 2009, ya injini ya 1000cc, yochokera ku Japan, ndipo ikuonetsa kuti yayenda makilomita 118,000. Ndikaima pa maloboti imanjenjemera, ndipo ndikamanyamuka pang'onopang'ono imadukiza ngati ikufuna kuzima. Makaniko wina wandiuza kuti giyabokosi yatha, ndigule ina. Kodi n'zoona? Nanga ndi mavuto ati ena amene ndiyembekezere pa galimoto imeneyi, ndipo kukonza kwake kumadya ndalama zingati?

Yankho: Mayi, musagule kaye giyabokosi. Zizindikiro ziwiri mwatchulazi, pa Vitz ya mtundu wanuwu, kawirikawiri zimachokera ku injini, ndipo kuzikonza sikufika ngakhale theka la mtengo wa giyabokosi. Mitengo tiitchula m'madola a ku America, chifukwa masipeya onse a galimoto imeneyi amachokera kunja ndipo mtengo wake m'makwacha suchedwa kusintha. Kwacha itatsika ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya m'mashopu a masipeya inakwera nthawi yomweyo. Ogulitsa ku Biwi, ku Ndirande kapena ku Limbe amawerengera malinga ndi mtengo umene iwowo anagulira dola, umene nthawi zambiri umaposa wa ku banki. Choncho manambala athuwa muwatenge ngati poyambira pokambirana, ndipo ndalama ya makaniko ndi yapadera.

Galimoto yanu ndi ya m'badwo wachiwiri wa Vitz, umene unapangidwa kuyambira 2005 mpaka 2010. Ya 1000cc nambala yake ya chasisi imayamba ndi KSP90, ndipo injini yake ndi 1KR-FE, ya 998cc, ya masilinda atatu. Injini yomweyi ili mu Passo ndi mu Belta, n'chifukwa chake masipeya ake savuta kupeza. Injini ya masilinda atatu imanjenjemerako mwachibadwa, makamaka giya ikakhala pa D, phazi lili pa buleki, AC ili yoyatsa. Kunjenjemera kochepa kumene kumatha mukaika pa N si matenda. Koma ngati chiwongolero ndi dashibodi zikugwedezeka mpaka kumveka phokoso, yambani ndi mamawuntini, mphira zimene zimanyamula injini. Alipo atatu: wakumanja, wakumanzere pa giyabokosi, ndi wina pansi chakumbuyo. Kuwayesa n'kosavuta. Tsegulani boneti, munthu mmodzi aponde buleki mwamphamvu n'kumasintha giya kuchoka pa D kupita pa R, wina aziyang'ana injini ataima m'mbali mwa galimoto, osati kutsogolo kwake. Ikamadumpha kwambiri kapena kugunda, mphira yang'ambika. Mawuntini mmodzi amakhala pakati pa madola 30 ndi 70. Otchipa kwambiri mphira yake imakhala youma, moti ena amanjenjemeretsa galimoto kuposa akale aja.

Chachiwiri ndi mapulagi ndi makoilo. Silinda iliyonse ili ndi koilo yake, kachipangizo kamene kamapatsa pulagi magetsi oyatsira moto. Pa injini ya masilinda atatu, imodzi ikamapanga misi ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu lapita, ndipo galimoto yonse imamva. Apa pakufunika kuika galimoto pa kompyuta musanagule chilichonse. Makodi P0301, P0302 ndi P0303 amaloza silinda imene ikuvuta. Makaniko wodziwa ntchito amasuntha koilo ya silinda imeneyo kuiika pa ina, n'kufuta kodi, n'kuyendetsanso galimoto. Vuto likasamuka limodzi ndi koilo, koiloyo ndiyo yafa, ndipo mumagula imodzi yokha, pa madola 25 mpaka 50. Likatsala pomwepo, ayang'ane pulagi kapena injekita. Mapulagi oyenera ndi a iridium, a Denso kapena NGK, amene amatha kuyenda pafupifupi makilomita 100,000, ndiye anuwo ngati sanasinthidwepo nthawi yawo yakwana. Atatu onse ndi madola 30 mpaka 45. Mukapeza a iridium pa mtengo wofanana ndi mapulagi wamba, asiyeni, achinyengo achuluka pamsika. Pochotsa koilo ayang'anenso ngati m'dzenje la pulagi muli oilo. Akapezeka, gasiketi ya chivundikiro cha pamwamba pa injini yatha, ndipo oilo ameneyo ndi amene amapha makoilo.

Koma chimene tikuchikayikira kwambiri pa kudukiza kwanuko ndi EGR. Iyi ndi valavu imene imabweza utsi pang'ono kuchokera ku ekizozi kulowanso mu injini pofuna kuchepetsa kutentha kwa moto m'masilinda. Utsiwo umadutsa m'paipi, n'kulowa mu manifodi ya mpweya, kumene umagawidwa kudzera m'timabowo ting'onoting'ono, kamodzi pa silinda iliyonse. Pakapita zaka, mwaye wosakanikirana ndi nthunzi ya oilo umatseka timabowoti, koma sutitseka mofanana. Zimakhala ngati ngalande za m'dimba: ziwiri zikatsekeka, madzi onse amathamangira pa bedi limodzi n'kulimiza. Silinda imene bowo lake latsala lotsegula imalandira utsi wonse, moto wake umafooka, ndipo galimoto imadukiza mukaponda mafuta pang'ono pa liwiro lochepa, monga pa mdipiti wa magalimoto m'tauni. Mukaponda mwamphamvu vutolo limazimiririka chifukwa valavuyo imatseka. Popeza kudukizako kumabwera pa nthawi yonyamuka, anthu ambiri amaloza giyabokosi, ndipo magiyabokosi abwinobwino atsitsidwapo chifukwa cha mwaye.

Kutsimikiza kwake sikulira ndalama. Injini itazima, makaniko azule pulagi ya magetsi ya pa valavu ya EGR, kenako muyendetse galimoto mphindi khumi pa msewu umene imavutira. Nyali ya injini ikhoza kuyaka, musadandaule, idzafutidwa. Kudukiza kukatha, mwapeza gwero. Kukonza kwake ndi kumasula manifodi, valavu ndi paipi yake, kupala mwaye ndi kawaya kapena kaburashi, n'kutsuka ndi mabotolo awiri kapena atatu a mankhwala otsukira kabureta, mpaka bowo lililonse liziona kuwala. Kutsuka valavu yokha osamasula manifodi n'kutaya nthawi, chifukwa potsekeka penipeni ndi m'timabowo tija. Atsukirenso throttle body, kachitseko kolowetsa mpweya mu injini, nthawi yomweyo, koma asaikankhe mwamphamvu ndi chala poti ndi yamagetsi. Magasiketi akhale atsopano. Ntchito yonse ndi ya maola awiri kapena atatu, zogula zake madola 20 mpaka 30. Ena adzakuuzani kuti angotsekeratu EGR ndi kachitsulo. Ife sitivomereza zimenezo: moto umatentha kuposa muyezo, injini imayamba kugogoda pokwera chitunda, ndipo nyali ya injini imatha kumangoyaka, n'kubisa vuto lina likadzabwera.

Tsopano giyabokosi. Yanu ndi CVT, ilibe magiya a mano osinthasintha ngati otomatiki wamba. M'kati mwake muli lamba wachitsulo woyenda pakati pa mapule awiri amene amafinyidwa ndi mphamvu ya oilo. Ikamatha imadziwika motere: injini ikulira kwambiri koma galimoto siikuthamanga, kulira kwa mluzu kumene kumakwera limodzi ndi liwiro, kuchedwa kugwira kwa masekondi angapo mukaika D kapena R, ndi oilo wakuda wonunkha kupserera. Ngati palibe chimodzi mwa izi, giyabokosi yanu ili moyo.

Chimene chimapha magiyabokosi amenewa kuno ndi oilo wolakwika. ATF, oilo wamba uja wa otomatiki, sayenera kulowamo ngakhale lita imodzi, chifukwa lamba amayamba kuterereka n'kukanda mapule, ndipo pule yokandika sibwereranso. Vitz za zaka zanuzi zimagwiritsa ntchito Toyota CVT Fluid TC, pamene zina zatsopano zimafuna FE. Zilembozi zimalembedwa pa bawuti yothirira oilo, makaniko aziwerenge asanagule. Chitini cha malita 4 chimakhala pakati pa madola 50 ndi 80. Giyabokosi yonse imasunga malita oposa 6, koma mukamasula bawuti yapansi amatuluka awiri kapena atatu okha, ndiye ngati oilo wada kwambiri ndi bwino kusintha kawiri, mutayendako makilomita mazana angapo pakati pake. Ambiri mwa magiyabokosi awa alibe kandodo koyezera oilo. Muyezo umapezedwa ndi bawuti yosefukira, galimoto itaima pamalo athyathyathya, injini ikulira, oilo atafunda pakati pa madigiri 35 ndi 45. Amene akungothira mongoyerekeza akhoza kusiya wochepa kapena wochuluka, ndipo zonse ziwiri n'zowononga. Pa misewu yathu ya fumbi ndi kutentha, sinthani pa makilomita 40,000 alionse. Musalole kuti aupope ndi makina a mphamvu pa galimoto imene mbiri yake simukuidziwa, chifukwa zinyalala zimene zinakhazikika pansi zimadzuka n'kukatseka tinjira ta oilo. Mukatitimira m'matope nthawi ya dzinja, musamasinthesinthe D ndi R matayala akuzungulira, pemphani anthu akukankheni. Ikafa pamsewu, inyamulidwe kapena ikokedwe matayala akutsogolo ali m'mwamba.

Vuto limene timaliopa kuposa giyabokosi ndi kuwira kwa injini. Vitz ilibe muvi woonetsa kutentha. Ili ndi kanyali kabuluu kapena kobiriwira koyaka injini ikakhala yozizira, ndi kofiira kamene kamayaka zinthu zitafika kale poipa. Kofiira kakayaka, imani pomwepo, zimitsani, ndipo musatsegule chivundikiro cha radiyeta mpaka injini itazizira. Injiniyi ndi ya aluminiyamu, kilomita imodzi kapena awiri oyenda ikuwira n'ngokwanira kupinditsa silinda hedi. Pa 1KR malo ofooka ndi wotapampu. Imayamba kudontha pang'onopang'ono, osasiya madzi pansi, koma mukaunika ndi tochi mbali ya kumanja kwa galimoto, kumene kuli lamba, mumaona zoyera kapena zapinki zitauma mozungulira pampuyo. Nthawi zina imalira ngati beringi. Ya Aisin kapena GMB ndi madola 35 mpaka 70, ndipo ndi nzeru kusinthira limodzi lamba wake. Madzi oyenera ndi kulanti wapinki wa Toyota kapena wofanana naye, pafupifupi malita 5, pa madola 20 mpaka 35. Madzi a pa mjigo kapena a pampopi amasiya mchere ndi dzimbiri m'timipata ta radiyeta. Ena amachotsa thermostat, kavalavu kamene kamalola madzi kupita ku radiyeta injini ikafunda, ponena kuti kuno n'kotentha. Musavomere: injini imachedwa kufunda, imamwa mafuta ambiri, ndipo mwaye wa mu EGR uja umachuluka msanga. Thermostat yatsopano ndi madola 15 mpaka 25 basi. Yerekezani ndi mtengo wa injini yowira: kusepa hedi, gasiketi, mabawuti ndi ntchito zimaposa madola 250, ndipo ikakanika, injini yochotsa pa galimoto ina imakhala pakati pa madola 600 ndi 1,000. Chizolowezi choyang'ana madzi m'kabotolo ka pambali pa radiyeta Loweruka lililonse m'mawa, injini isanalizidwe, chimateteza ndalama zonsezi.

Oilo wa injini amalowa pafupifupi malita 3 pamodzi ndi fyuluta. Mukagula chigubu cha malita 4 kapena 5, wotsalayo mubwerere naye kunyumba, asathiridwe yense. Ku Japan amathira 0W-20, ndipo kuno 5W-30 amagwira bwino ntchito. 20W-50 amene ambiri anazolowera pa magalimoto akale ndi wolimba kwambiri kwa injini iyi. M'mawa amachedwa kufika pamwamba, kumene kuli tcheni ya taimingi ndi VVT-i (chipangizo chosintha nthawi yotsegukira mavalavu), zimene zimadalira oilo kuyenda m'tinjira topapatiza. Sinthani pa makilomita 5,000 alionse kapena miyezi isanu ndi umodzi. Injiniyi ili ndi tcheni, ilibe lamba wa taimingi, ndiye wina akakuuzani kuti lamba wa taimingi wakwana nthawi yosintha, dziwani kuti injiniyi sakuidziwa. Tcheni imakhala zaka zambiri oilo akamasinthidwa. Ikatamuka imachita phokoso la chitsulo masekondi oyamba mukaliza m'mawa, ndipo nthawi zina kompyuta imaonetsa P0016. Fyuluta ya mpweya muziiyang'ana pa sevisi iliyonse, makamaka miyezi ya fumbi kuyambira August mpaka November.

Kumene muzidzawononga ndalama kawirikawiri, ngakhale pang'onopang'ono, ndi ku miyendo. Vitz inapangidwira misewu yosalala ndipo mimba yake ili pafupifupi masentimita 14 kapena 15 kuchokera pansi. Kugogoda kopepuka pa msewu wa miyala nthawi zambiri ndi malinki a stabiliser, madola 10 mpaka 15 imodzi. Kugunda kolemera mukaponda buleki kapena mukalowa m'dzenje ndi mabushi a mkono wapansi kapena bolojointi. Mkono wonse ndi madola 40 mpaka 80, ndipo kugula wathunthu kumaposa kukhomerera mabushi odula ku tayala, amene amaumitsa galimoto n'kuthyola zina. Chiwongolero chikamasewera, ayang'ane ma rack end ndi ma tie rod end, timikono tolumikiza chiwongolero ndi matayala. Mashoko a KYB awiri akutsogolo ndi madola 120 mpaka 180, ndipo amasinthidwa awiriawiri. Kulira kwa "wuuu" kumbuyo kumene kumakula ndi liwiro ndi beringi, imene pa galimoto iyi imabwera pamodzi ndi habu yake, madola 50 mpaka 90. Pogula onetsetsani kuti ili ndi polumikizira sensa ya ABS ngati yakaleyo. Chilichonse chikasinthidwa kutsogoloku, pitani ku alainimenti tsiku lomwelo, apo ayi matayala adzadyeka mbali imodzi m'miyezi iwiri.

Pali kamphira kamodzi kamene tikupemphani muzikayang'ana nokha: buti ya CV joint (jointi ya shafuti yozungulitsa tayala), kuseri kwa tayala lakutsogolo. Pindani chiwongolero mpaka kumapeto n'kusuzumira. Ikang'ambika, girizi amamwazika ndipo mchenga umalowa. Buti ndi girizi ndi madola 10 mpaka 15. Mukachedwa mudzamva "ka-ka-ka" pokhota, ndipo pamenepo jointi yonse yapita, madola 35 mpaka 60. Za kukweza galimoto ndi masipesa, masentimita awiri amathandiza pa mahampu ndi m'misewu ya m'makwalala. Kupitirira apo mashafuti amapendekeka kwambiri ndipo mabuti amang'ambika pafupipafupi. Matayala ake ambiri ndi 165/70R14. Pogula, makamaka akaunjika, werengani manambala anayi omaliza pambuyo pa zilembo DOT: awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. Tayala lopitirira zaka zisanu ndi chimodzi limakhala louma ngakhale mapanga ake akuoneka bwino.

Chiwongolero chake n'chamagetsi, chilibe oilo. Chikalemera mwadzidzidzi ndipo nyali ya P/S yayaka, yambani mwayeza batire ndi olutaneta musanaganize zogula china. Batire labwino limaonetsa mavoti 12.4 mpaka 12.6 injini itazima, ndi 13.8 mpaka 14.5 ikulira. Pampu ya petulo ili m'thanki, pansi pa mpando wakumbuyo, ndipo imaziziritsidwa ndi petulo yemweyo, choncho kuyenda nthawi zonse nyali ya mafuta ikuphethira kumaifupikitsa moyo. Thanki ndi ya malita 42, yesetsani kuti isatsike pansi pa kota. Mafuta akasowa m'mafilingi, a m'zigubu ndi amene amabweretsa madzi ndi zinyalala. Mukakakamizika kugula, sefani ndi kansalu koyera ndipo onani kaye pang'ono m'botolo loonekera: madzi amakhala pansi, petulo pamwamba. Pampu ndi sefa yake ndi madola 30 mpaka 60. Vitz zina za zaka zimenezi zinali m'gulu la magalimoto amene Toyota inaitanitsa chifukwa cha vuto la ma airbag opangidwa ndi kampani ya Takata, ndiye tengani nambala ya chasisi mukafunse kwa ogulitsa Toyota ovomerezeka ngati yanu inakonzedwa.

Makilomita 118,000 aja muwatsimikize. Chikalata chimene galimoto imatulukira ku Japan chimaonetsa makilomita amene inali itayenda pamene inkayesedwa komaliza kumeneko, pamodzi ndi madeti ake. Ngati nambala ya pa chikalata ikuposa ya pa dashibodi, inabwezedwa, ndipo zonse tanenazi nthawi yake yafika kale. Mulimonsemo, galimoto yongobwera kumene timaiyesa ngati sinapangidwepo sevisi. Oilo wa injini ndi mafyuluta, mapulagi, kutsuka EGR, oilo wa CVT, kulanti ndi oilo wa mabuleki, zonse pamodzi zogula zake zimakhala pakati pa madola 200 ndi 300. Uzani makaniko mtengo wa ntchito mugwirizane asanamasule bawuti, masipeya mukagule limodzi kapena akupatseni malisiti, ndipo zochotsedwazo akubwezereni.

Ngati mwachita zonsezi koma zizindikiro za CVT zija zilipo, pamenepo ndiye nkhani ya giyabokosi ina iyambike. Kuitsegula kuti ikonzedwe sikupindula kawirikawiri, chifukwa lamba ndi mapule atsopano amadula kuposa giyabokosi yochotsa pa galimoto ina, imene imakhala pakati pa madola 400 ndi 800. Nambala ya mtundu wake ili pa kachitsulo kapena pepala lomatidwa pa mphuthu ya chitseko, pamzere wolembedwa TRANS/AXLE, ndipo pa Vitz yanu imayamba ndi K410. Yogulayo ifanane nayo, musangodalira kuti yachokera pa injini ya 1KR, chifukwa Passo ya zaka zomwezo ili ndi otomatiki wamba wa magiya anayi. Musanalipire, wogulitsa amasule sampu yake muone maginito ali m'katimo: fumbi lakuda losalala si vuto, koma tizidutswa tachitsulo tonyezimira tikutanthauza kuti nayonso yatha. Pemphani chitsimikizo cholembedwa cha masiku osachepera 30. Poiika asinthe masilo a mashafuti onse awiri, athire oilo watsopano wa TC, kenako aiike pa kompyuta kuti afute zimene inazolowera pa giyabokosi yakale ndi kuyezanso mphamvu ya oilo. Sitepe yomalizayi ikadumphidwa, giyabokosi yabwino imatha kugunda polowa D kuyambira tsiku loyamba.